Chisoti cha Mawaya pa Dazi la ba Philimon

Aliyense wa ku Ngungu, m'tauni ya Kabwe, amene analukitsako tsitsi amawadziwa ba Janeth Daka. Abemba amawaitana kuti bana Blessed, a kwawo ku Petauke amati amake Blessed, ngakhale kuti mwini dzinayo anakwatiwa kale ku Ndola. Saluni yawo ndi khonde chabe la nyumba: mpando umodzi wa pulasitiki, galasi lothyoka pakona, ndi chikwangwani chokongola kuposa saluni yonseyo, cha mkazi wolukidwa mukule wowongoka ngati mizere ya m'munda. Chikwangwanicho anajambula amuna awo, ba Philimon.

Ba Janeth anafika ku Kabwe ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kudzalera ana a azakhali awo ku Makandanyama. Sukulu inathera pomwepo. Kuluka anaphunzirira pa mitu ya ana omwewo, ndipo amene ankalira kwambiri ndi amene lero amawatama. Ba Philimon anakumana nawo ali pamwamba pa makwerero, akulemba dzina la golosale. Penti wobiriwira anadonthera pa chitenje cha mtsikana wodutsa pansi, mtsikanayo anakalipa m'Chinsenga, wa pamakwereroyo n'kupepesa m'Chinsenga chomwecho. Chitenjecho chilipo mpaka lero, dontho lake silinachoke.

Ntchito ya ba Philimon mukhoza kuiona nokha mukakwera minibasi ya ku Bwacha n'kukhala cha kuwindo: mitu ya anyamata ometedwa pa makoma a mababashopu, ng'ombe yonenepa pa butchala, mayi wonyamula buledi. Anthu a m'zithunzi zawo amakuyang'ana ngati akukudziwa. Chinsinsi chake chinali chaching'ono. Akamaliza zonse, ankatenga kamtengo ka machesi, n'kukaviika mu penti woyera, n'kuika kadontho m'diso lililonse. Ankati ndiko kuyatsa maso, ndipo chithunzi chosayatsa maso ndi maliro.

Chaka chatha mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anagwa pabwalo ali ndi chitini cha penti m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yonse ya kumanja itazizira, pakamwa patapotoka, mawu atapita. Chimene chinatsala ndi kaphokoso kamodzi ka kukhosi ndi dzanja lamanzere lonjenjemera. Ba Janeth ankawakhazika pakhonde pomwepo pa njinga yawo ya odwala, n'kumaluka akucheza nawo ngati kale. Makasitomala akayamba kuwamvera chisoni, iwo ankati, "Amvela zonse awa. Miseche yanu muchepeseko."

Lachiwiri lina kunafika ba Terence, mng'ono wa ba Philimon, kuchokera ku Petauke. Anagwada pamaso pa akulu awo, n'kuwapatsa moni katatu. Ba Philimon anangoyang'ana. Ba Terence anadzuka, anapukuta mawondo, n'kuitanira alamu awo kuseri kwa nyumba.

"Mulamu, ine nine wotumidwa chabe," anatero. "Amalume na alongosi akamba kuti munthu abwelele kumudzi. Loweluka tikwela basi."

"Kumudzi kuli dokota uti?"

"Nanga kuno dokota wachita chani? Mwaona nokha. Nawapatsa moni, aniyang'ana monga khoma. Mutu unapita, mulamu. Munthu afela pa abale ake, osati mu nyumba ya lendi."

Ba Janeth anadziwa tanthauzo lake. Kumudziko kunalibe mayi wa kuchipatala amene ankawongola mkono wa ba Philimon Lachinayi lililonse. Kunalibe wolankhula nawo ngati munthu wakumva. Akanawagoneka m'kanyumba ka kuseri, n'kumadikira. Ndipo mwamuna ndi wa abale ake. Mkazi akakana yekha popanda chogwira, amati akubisa kanthu.

Chogwira chimene anali nacho chinali chachilendo ndithu, moti m'pofunika kubwerera m'mbuyo milungu iwiri kuti chimveke.

Kunabwera mtsikana wina pa saluni, dzina lake Mwaka, wophunzira wa pa yunivesite ina ku Lusaka. Iye ndi anzake anabwereka holo ya tchalitchi ku Bwacha kuti afufuze chimene chimachitika m'mutu mwa munthu akamayang'ana chithunzi. Ankamuveka munthu chisoti cha mphira chodzaza mawaya, timabatani take tikukhudza khungu la m'mutu, n'kumamva timafunde ta magetsi timene bongo umatulutsa. Munthuyo ankaona zithunzi chimodzichimodzi, n'kumadina batani kusonyeza chimene wakonda ndi chimene sanakonde. Kompyuta inkaphunzira poyerekeza mafundewo ndi mayankho a anthu ambirimbiri, mpaka inayamba kulota yokha yankho lake, munthu asanadine. Koma panali vuto. Amai a ku Bwacha atamva kuti kwabwera a yunivesite, anapita atalukitsa zolemera, atadzola mafuta onyezimira, monga munthu amachitira popita pagulu. Timabatanito sitinafike pakhungu, ndipo kompyuta inkangolemba zopanda mutu. Ndiye Mwaka anabwera ndi pepala lojambulidwa mutu wa munthu ndi timadontho, n'kufunsa ngati pali woluka amene angasiye njira pamadonthopo. Ba Janeth anayang'ana pepalalo kamodzi, n'kunena kuti, "Ni mukule chabe uyu, koma wa anthu opusa." Kuyambira tsikulo ankaluka pakhomo pa holo m'mawa uliwonse, ndipo mawaya anayamba kugwira.

M'chipinda cha zithunzi sanalowemo. Koma Mwaka anawauza tsiku lina kuti pa zithunzizo, kupatula za kunja, anaikapo zina za pamakoma a m'Kabwe momwemo, ndipo chimodzi ndi cha pa babashopu ya Chansa ku Bwacha. Chimenecho ba Janeth ankachidziwa ngati chikhatho chawo: mnyamata wa jekete yofiira wogwira galasi, chithunzi chimene ba Philimon ankachinyadira kuposa zonse.

Ndiye kuseri kwa nyumba kuja, pakamwa pa ba Janeth panathamanga kuposa nzeru.

"Ku Bwacha kuli makina yoona mu mutu," anatero. "Tiwapeleke Lachisanu. Akaona chithunzi chawo, makina yazakuuzani kuti achidziwa."

"Yakakamba kuti sachidziwa?"

"Muwatenge," anatero ba Janeth.

"Mwakamba imwe, mulamu. Ine sinakukakamizeni."

M'mawa mwake atamuuza Mwaka, mtsikanayo anagwira pakamwa.

"Amai, mwachita chani? Aya si makina ya chipatala. Sayesa ngati munthu ali na nzelu. Yalota chabe ngati munthu wakonda chithunzi, ndipo pa khumi yalasa kasanu na kawili, katatu yaphonya. Futi yanaphunzila pa anthu osadwala. Pa atate yangakambe chilichonse."

"Kasanu na kawili ni kambili."

"Katatu nako ni kambili, amai."

"Mwana wanga," anatero ba Janeth, akumangirira ulusi osamuyang'ana, "mitu ingati nakulukila? Ine nipempha mutu umodzi."

Mwaka pomaliza anati awabweretse Lachisanu masana, anthu onse akatha, chifukwa madzulo ake ankapakira katundu kubwerera ku Lusaka. Anati sadzazilemba m'kafukufuku wake, ndipo adzanena zoona pamaso pa onse, zokoma kapena zowawa.

Lachisanu ba Janeth anasambitsa amuna awo, n'kutsuka dazi lawo ndi sopo kawiri. Anawaveka shati yoyera ya kutchalitchi. Botolo la vaselini analigwira, n'kulibwezera pawindo. Pa zaka zonse za ukwati wawo ba Philimon anali asanatulukepo pakhomo ndi mutu wosadzola, ndipo dazilo litauma linatuwa ngati chipanda chakale. Ba Terence anaona asanakwere n'komwe takisi.

"Ndiye kasungidwe kake aka? Mutu mbuu monga agona pa phulusa. Mafuta yasila mu Kabwe?"

"Mafuta yatsekeleza mawaya."

"Nizakauza alongosi kuti mafuta yatsekeleza mawaya," anatero ba Terence, akuseka kumphuno.

Ba Janeth anakankhira njinga ku takisi. Njira yonse ya ku Bwacha anagwira dzanja lamanzere la amuna awo.

M'holo munali motentha, makatani atatsekedwa. Mwaka anayamba ndi kubwereza pamaso pa ba Terence zonse zimene anauza ba Janeth, za kulasa ndi kuphonya. Ba Terence anati iwo anamvana kale ndi alamu awo, za manambala n'za asukulu. Kenaka mtsikanayo anagwada pafupi ndi njinga.

"Atate, nifuna kukuvalikani chisoti ichi, muone zithunzi. Sichibaba, simuzamva kuwawa. Ngati mwavomela, nifinyeni dzanja."

Zala za ba Philimon zinafinya.

"Mwaona?" anatero ba Janeth.

"Na khanda lifinya chala," anatero ba Terence.

Chisoti chinakhala bwino pa dazi lija, moti Mwaka anati mutu wotere akanaupeza poyamba sakanavutitsa munthu woluka. Palibe anaseka. Anathira timankhwala toterera pansi pa batani lililonse, n'kuyatsa. Pa kompyuta yake panayamba kuyenda mizere yambiri yokwera ndi kutsika. Ba Janeth anaiyang'anitsitsa. Chaka chathunthu anali asanamve liwu la mwamuna wawo, ndipo apa panali chinachake chochokera m'mutu mwake, chikuyenda, chosaima.

"Si izo?" ananong'ona. "Si akamba?"

"Izi zionetsa chabe kuti mawaya yagwila," anatero Mwaka. "Muyang'ane aka." Analoza kabokosi pakona. Kakabiriwira, ndiye kuti kompyuta ikulota kuti munthu wakonda. Kakafiira, sanakonde. Zithunzi zinali makumi awiri, ndipo cha pa babashopu chinali cha khumi ndi chinayi. Anapempha kuti onse akhale chete, ndiponso kuti ba Philimon asagwedezeke.

Choyamba chinali mtsinje ndi mitengo, cha kunja. Kabokosi kanayezimira, n'kukhala kotuwa, kosatsimikiza. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu, mbale ya zipatso, kanabiriwira pang'ono n'kuzima. Ba Terence anakhala pa benchi atapinda manja, phazi likugunda pansi. Ba Janeth anaima kumbuyo kwa Mwaka, maso akuthamanga pakati pa kabokosi ndi nkhope ya amuna awo, akuwerenga chamumtima. Chachisanu ndi chiwiri. Chachisanu ndi chitatu. Panja kondakitala wa minibasi ankakuwa, "Tauni! Tauni!" Dovu linayamba kutsika pakona ya pakamwa pa ba Philimon, ndipo iwo analephera kupita kukalipukuta, poopa kusokoneza mawaya. Analiona likudontha pa shati yoyera, ndipo anadziwa kuti ba Terence aliwonanso.

Khumi ndi chiwiri. Khumi ndi chitatu.

Jekete yofiira inadzaza galasi loonetsera zithunzi, patsogolo pa ba Philimon. Ba Janeth anangoiona ndi pakona pa diso, maso awo onse ali pa kabokosi. Kanakhala kotuwa kwa kanthawi kotalika ngati mlungu. Kenaka mizere ija inalumpha, n'kusokonekera ngati ulusi umene mphaka wasewera nawo, ndipo kabokosi kanafiira. Sikanafiire pang'ono ayi. Kanafiira kuti psuu.

Ba Philimon ankalira kukhosi, kaphokoso kawo kaja, koma kokwera. Dzanja lamanzere linanyamuka pa bondo n'kumagwedezeka m'mwamba.

Ba Terence anaimirira. "Yakamba chani, mwana wa sukulu? Kamba iwe mwini."

"Yakamba kuti sanakonde," anatero Mwaka, mawu ali pansi. "Koma agwedezeka maningi. Mawaya yagwila nyama za kumaso, osati bongo. Ichi sitingachikhulupilile."

"Kakanakhala kobiliwila mukanakakhulupilila?"

Mwaka anabwezera maso pa kompyuta.

"Chithunzi chawo chomwe, achiona monga mdani," anatero ba Terence. Sanalankhule mokondwa. Mawu awo anali otopa. "Mulamu, mwayesa. Palibe azakunenani. Muwavule vinthu ivi, muona avutika. Mukalonge zovala."

Ba Janeth anachoka kumbuyo kwa Mwaka. Anapita kwa amuna awo kuti awagwire dzanja lija, alitsitse, awapepese chifukwa chowaonetsa pagulu chonchi. Koma atafika pafupi anaona kuti dzanjalo silinali kungonjenjemera. Chala chachikulu ndi cholozera zinali zitagwirana, ngati zatsina kanthu kakang'ono, ndipo zinkajompha mpweya. Kamodzi kumanzere, kamodzi kumanja. N'kubwerezanso.

Apo m'pamene anatembenuka n'kuyang'ana chithunzicho bwinobwino, koyamba.

"Mwaka, usachichose. Chikulise pa nkhope."

Nkhope ya mnyamata wa jekete inadzaza galasi lonse. Tsitsi linali lomwelo, mphuno yomweyo. Koma wina anali atadutsamo ndi burashi yonenepa. Nsidze zinali ngati makala, ndipo maso anali mabowo awiri akuda bii, opanda kadontho.

"Unachijambula liti ichi?"

"Mwezi watha. Ba Chansa anati mvula inachisukulusa, ndiye anaitana munthu wina achikonzeko."

"Achikonzeko!" Mawu a ba Janeth anamveka holo yonse. "Wachipha! Mulamu, bwelani muone. Bwelani! Imwe si ndimwe munali kuwagwilila makwelelo musanabwelele kumudzi? Yang'anani maso aya, muniuze chasowa."

Ba Terence anabwera monyinyirika. Anayang'ana galasi. Anayang'ana zala za akulu awo, zikujomphabe. Zaka zitatu za unyamata wawo anathera pansi pa makwerero amenewo, ndipo ntchito yawo yomaliza tsiku lililonse inali kupereka kamtengo ka machesi m'mwamba.

Anapisa m'thumba la jekete, momwe mumakhala fodya wawo, n'kutulutsa bokosi la machesi. Kamtengo koyamba kanagwa pansi. Kachiwiri anakalowetsa pakati pa zala ziwiri zija, n'kukankhira njinga pafupi ndi galasi, mawaya akukokeka kumbuyo, Mwaka akuthamangira kuwagwira.

Dzanja linanyamuka. Linasochera, linapita ku khutu la mnyamata wa pa chithunzi, linabwerera. Kenaka mutu wa machesi unagunda galasi, kuti tiki, pakati pa diso lamanzere, cha m'mwamba pang'ono. Unatsetsereka, unanyamukanso, n'kugunda diso lamanja, pamalo omwewo. Ba Philimon anatsitsa dzanja. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka maso awo anapeza mng'ono wawo, n'kumutambasulira kamtengoko kuti alandire, monga ankachitira ali pamwamba.

Ba Terence analandira. Anatuluka panja, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Mwaka anavula chisoti chija mosamala, akupukuta timankhwala pa dazi. Ba Janeth anamufunsa ngati makinawo analasa kapena anaphonya.

"Sinidziwa, amai," anatero. "Mwina yanamva kuti akwiya. Mwina yanamva chabe nsagwada. Sinizadziwa."

"Ine nadziwa," anatero ba Janeth. Anatulutsa botolo la vaselini m'chikwama, pakuti ponyamuka anali atalitenganso pawindo paja, n'kudzoza mutu wa amuna awo mpaka unawala.

Ba Terence atabwerera maso anali ofiira, ndipo anati ndi fumbi la Kabwe. Sanapepese, si anthu opepesa. Anangoti, "Amalume nizakamba nawo. Koma mvula ikasila nizabwela futi kuona, mulamu. Musaganize kuti nkhani yafa."

"Mubwele. Muzapeza mutu wodzola."

Loweruka m'mawa, nthawi imene basi inkanyamuka, atatuwo anali pa babashopu ya Chansa ndi kachitini ka penti woyera. Ba Chansa anayamba kufotokoza za mvula ndi za munthu amene anamuitana, koma ba Janeth anangowayang'ana, ndipo ba Chansa anapita kukatenga benchi. Maso a mnyamata wa jekete ali pamwamba, munthu wokhala pansi sangawafike. Ba Terence ndi ba Chansa ananyamula ba Philimon m'khwapa, wina uku wina uku, n'kuwaimika pa benchi, anyamata odikira kumetedwa atatuluka kudzaonerera. Ba Janeth anaviika kamtengo, n'kupereka m'mwamba.

Kadontho ka diso lamanzere kanakhala bwino. Ka kumanja dzanja linanjenjemera, ndipo kanatsika pang'ono, n'kusiya kamchira. Ba Chansa anafuna kupukuta ndi chala, ba Philimon n'kuwalirira kukhosi mpaka anabweza dzanja.

Kali choncho mpaka pano. Ba Janeth akadali pa khonde lawo ku Ngungu, akuluka mukule, ndipo Lachinayi lililonse amatseka msanga kuti aperekeze amuna awo kokawongola mkono. Pobwerera amauza wa takisi kuti adzere ku Bwacha, ngakhale kuti ndi kozungulira, ndipo akafika pa babashopu achepetse liwiro.